Njira ya mbatata ilibe mwini

Anthu ambiri phiri la Zomba amalidziwa chakumaso. Amanyamuka m'tauni pa galimoto, n'kukhotakhota ndi msewu wa tala uja mpaka ku Ku Chawe, amagula ma strawberry kwa anyamata a m'mbali mwa msewu, amajambulitsa pa damu la Mulunguzi, pofika madzulo zithunzi zadzaza pa Facebook. Palibe cholakwika pamenepo. Nanenso anzanga a ku Lilongwe akabwera ndimawatengera komweko.

Koma ife obadwira m'chigwa cha Domasi phirili timalidziwa chakumsana. Kwathu kuli pakati pa mapiri awiri, la Zomba mbali ino, la Malosa mbali inayo, ndipo mtsinje wa Domasi ndiwo umawalekanitsa. Madzi ake amachokera m'mwambamo, amatsika kudutsa m'madimba mwathu, amapita pansi pa mlatho wa msewu wa ku Liwonde, amakathirira mpunga ku sikimu ya Domasi, kenako n'kukathera m'nyanja ya Chilwa. Kwa mlendo phirili ndi kokacheza Loweruka. Kwa ife ndi denga la nyumba, ndipo denga likamadontha amanyowa ndi ogona pansi pake.

Ndiye lero ndikufuna tikambirane funso looneka lachibwana: kodi dengali amalisamala ndani? Mukafunsa m'maofesi, aliyense akweza dzanja. Mukafunsanso kuti nanga zikalakwika timuone ndani, manja aja amatsika limodzilimodzi.

Ndiyambe ndi kanjira kena kamene mwina munakaonapo pa mapu a alendo. Amakatcha Potato Path. Kamachokera m'tauni ya Zomba, kukwera phiri molunjika osatsata msewu, n'kudutsa pamwamba kulowera kwathu. Dzinali linabwera chifukwa cha alimi a m'chigwa cha Domasi amene ankasenza mbatata ya kachewere kukagulitsa ku msika wa Zomba. Mmodzi mwa alimiwo anali anganga anga, mayi awo a mayi anga. Ankadzuka tambala woyamba, nkhata pamutu, dengu pamwamba, n'kuyamba chitunda kudakali mdima ndi chifunga. Pobwerera dengu lomwelo limakhala ndi mchere, sopo ndi palafini. Ulendo wa tsiku lathunthu, wapansi, opanda nsapato.

Tsiku lina ndinawauza kuti, "Anganga, njira yanu ija ili m'mabuku a azungu."

"Alembamo zotani?"

"Akuti ndi yokongola, koma yotopetsa."

Anandiyang'ana kanthawi, kenako anafunsa, "Iwowo anaiyenda atasenza chiyani?"

Dzina loti Potato Path iwo sankalidziwa. Ankangoti njira ya ku msika. Tsopano tiyeni tiiyende limodzi njirayi kuchokera kwathu, tiziwerenga eni malo amene tikuwadutsa.

Poyambira ndi minda ndi midzi, nthaka ya makolo yoyang'aniridwa ndi mafumu. Dera lathu ndi la Mfumu Yaikulu Malemia, ndipo pa zachitukuko tili pansi pa khonsolo ya boma la Zomba. Mukakwera pang'ono mwalowa m'nkhalango yotetezedwa. Ya Zomba anaikhazikitsa atsamunda mu 1913, ya Malosa mu 1924, ndipo lero zonse ziwiri zili m'manja mwa Dipatimenti ya Zankhalango. Mtengo uliwonse m'menemo, wachilengedwe kapena paini wobzala, ngwawo. Ocheka matabwa amene mungakumane nawo, ngati ali olongosoka, chiphaso chawo anachitenga kumeneko.

Mukafika pamwamba muyamba kuoloka timitsinje tozizira. Tina timabwerera kwathu, tina timalowera mu Mulunguzi. Madzi akangofika m'damu asintha mwini. Tsopano ndi a Southern Region Water Board, amene amawayeretsa n'kuwagulitsa kwa anthu a mumzinda, ku yunivesite, ku chipatala chachikulu, kwa asilikali a ku Cobbe Barracks. Chapafupi pomwepo pali maiwe a nsomba za trout, mtundu umene anabweretsa atsamunda. Pali hotelo ya Sunbird, palinso nyumba zogona alendo za mipingo, makampani ndi anthu wamba. A zokopa alendo ndiwo amapereka ziphaso za malo ogona, ndiwonso amaika chithunzi cha phirili m'timabuku toitanira anthu akunja. Timiyala tonyezimira timene anyamata amagulitsa m'malo oonerako patali, tambiri timakumbidwa ku Malosa, ndipo chilichonse chokumbidwa pansi chili ndi lamulo lake ndi ofesi yake, ya zamigodi.

Mukayamba kutsetsereka mwalowa m'dera la khonsolo ya mzinda. M'munsimo muli munda wa zomera uja wa Botanic Gardens, umene anauyambitsa Alexander Whyte mu 1891, ndipo uli ndi bungwe lakelake. M'tauniyo muli nyumba zakale za nthawi imene Zomba inali likulu la dziko, kufikira 1975: nyumba ya malamulo yakale, Masongola, chipilala cha asilikali a KAR. Zakale ngati zimenezi zili ndi lamulo lozitchinjiriza, ndipo oliyang'anira ndi a Dipatimenti ya Museums and Monuments. Onjezeranipo bungwe la anyamata operekeza alendo, apolisi, ndi mabungwe omwe si aboma obzala mitengo. Zala za manja onse awiri zatha, chonsecho mwangoyenda njira imodzi, imene anganga ankaimaliza dzuwa lisanafike paliwombo.

Ndinene poyera kuti kuchuluka kwa eniwa pakokha si mlandu. Mutu umodzi susenza denga. Wodziwa kuyeza madzi m'damu sangadziwe ngati paini wakhwima, ndipo wodziwa paini sangakuuzeni mmene amakonzera njerwa za nyumba ya zaka 130. Phirili ndi nkhalango, ndi thanki ya madzi a mzinda, ndi msika, ndi mbiri, zonsezo pa nthawi imodzi. N'chifukwa chake boma linagawa ntchito, aliyense ndi lamulo lake, bajeti yake ndi bwana wake ku Capital Hill. Kungoti phirilo malamulowo silinawerenge. Mvula ikagwa pamwamba siyang'ana kuti malire a ofesi iyi athera pati. Moto nawo suima pa chikwangwani.

Taonani nkhani ya paini. Paini ndi mbewu ngati chimanga, kungoti amatenga zaka zoposa 20 kuti akhwime. Akakhwima amayenera kukololedwa, ndipo ndalama yake imalowa m'thumba la boma. Kwa wa zankhalango, tsiku lodula ndi tsiku la kholola. Kwa woperekeza alendo, tsiku lomwelo ndi limene njira yamthunzi imene amadyerapo yasanduka bwalo la zitsa, mlendo wolipira n'kumafunsa kuti nkhalango ili pa chithunzi ija ili kuti. Kwa wa madzi, ndi chiyambi cha matope amene mvula yoyamba idzakokolere m'damu. Anthu atatuwa palibe akunama. Aliyense akugwira ntchito imene anamulembera. Koma ngati sanakhale pansi limodzi kugwirizana kuti tidule mbali iti, liti, tisiye mitengo ingati m'mbali mwa mtsinje, tibzalenso mwezi uti, ndiye kuti phindu la mmodzi lasanduka ngongole ya mnzake. Ndipo ngongole yotsiriza imatsikira kumunsi, kwa mayi wotunga madzi ofiira m'Domasi, kwa mlimi wa mpunga amene ngalande yake yadzaza mchenga, kwa msodzi wa matemba ku Chilwa.

Nyanja ya Chilwa ija si yamasewera. Mu 1996 inalowa m'kaundula wa Ramsar, wa madambo ofunika pa dziko lonse, chifukwa cha mbalame ndi nsomba zake. Ilibe mtsinje wotuluka, imadalira madzi amene mitsinje monga Domasi, Likangala ndi Phalombe yabweretsa. Inaphwa mu 1995, inaphwanso kwambiri mu 2018, ngalawa zinangokhala pa matope ouma. Nayo ili ndi eni ake ena, a zansomba ndi makomiti a m'madoko. Msodzi wa ku Kachulu sanakwerepo ku Ku Chawe, koma zimene zimachitika pamwambapo zimamufika m'mbale.

Ndikuuzeni za moto. Amalume anga akhala akuperekeza alendo m'phirimu kuyambira ndili mwana. Chaka china mu Okutobala, nthawi imene udzu wauma gwa ndipo osaka mbewa, ofula njuchi ndi owotcha makala ali pikitipikiti, moto unabuka chakumtunda kwa mudzi wathu dzuwa litapendeka. Amalume anatenga foni. Maina a maofesi tiwasiye. Koyamba anawayankha mwaulemu kuti mbali imeneyo si dera lawo, aimbire akutiakuti. Akutiakutiwo anati nkhani aimva, koma galimoto ilibe mafuta. Kwachitatu foni inangoitana mpaka mayunitsi a chipiriro anatha. Ndiye amfumu anaimba belu, anthu anatenga zikwanje ndi nthambi zaziwisi, tinakwera. Tinabwerako m'bandakucha, nsidze zitapsa, msuweni wanga atathyoka chala cha kuphazi.

Patatha milungu ingapo kunabwera kalata yoitana amfumu ndi anthu angapo ku wekishopu mu holo ina m'tauni. Mutu wake unali kuphunzitsa anthu akumudzi za kuipa kwa moto wolusa. Amalume anapita, anamwa tiyi, analandira ya thiransipoti. Atabwerako ndinawafunsa, "Amalume, mwaphunzirako zotani?" Anati, "Mphwanga, ndaphunzira kuti galimoto zija zili ndi mafuta."

Akuluakulu anati chulukechuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Mwambiwu ndimauganizira kawirikawiri ndikamamva mawu oti "onse okhudzidwa agwirane manja". Ndi mawu okoma, amamveka bwino pa wailesi. Koma pamene aliyense ali ndi udindo pang'ono, palibe amene amagona tulo tochepa chifukwa cha phirilo. Chikwangwani chikagwa, mlatho wamitengo ukaola, chimbudzi cha pa malo oonerako patali chikadzaza, zinyalala za mapikiniki zikaunjikana pa mathithi a Williams, ntchitozi zimagwera pampata, pakati pa lamulo ili ndi lamulo lija. Ndipo pampatapo nthawi zambiri mumapeza mnyamata woperekeza alendo atanyamula thumba, akutola mabotolo mwa iye yekha, poti akudziwa kuti mlendo akanyansidwa mawa kulibe ganyu.

Pali chinanso chimene chimagwera pampata, ndipo kwa ine monga wokonda zolembalemba ndicho chimandiwawa kwambiri: nthano ndi mbiri. Mtengo uli ndi ofesi, madzi ali ndi ofesi, nyumba yakale ili ndi ofesi. Nanga nkhani?

Pitani ku Chingwe's Hole, dzenje lija lili m'mphepete mwa phompho loyang'ana ku chigwa cha Shire. Woperekeza wina akuuzani kuti mafumu akale ankaponyamo adani awo. Wina ati ankaponyamo akhate. Wina aonjezera zake malinga ndi nkhope ya mlendo. Jack Mapanje analilembera ndakatulo dzenjeli m'buku lake la Of Chameleons and Gods la 1981, ndipo iye yemwe anadzatsekeredwa ku Mikuyu, m'boma lomweli la Zomba, kuyambira 1987 mpaka 1991. Steve Chimombo anatenga Napolo, chinjoka chimene makolo amati chikamasamuka m'phiri kupita kunyanja chimagumula miyala ndi madzi, n'kumangapo ndakatulo zake. Akuluakulu a kuno akamati Napolo amakumbuka Disembala wa 1946, pamene chimvula chinagumula phiri, kukokolola milatho ya m'tauni ndi kupha anthu. Zonsezi ndi chuma cha phirili. Koma mlendo wofika pa dzenjepo amangosuzumira, kujambula, kugula kamwala, basi wabwerera. Agogo amene akudziwa nkhanizi m'Chiyao ndi m'Chinyanja akutha mmodzimmodzi, ndipo kuwajambula mawu sikuli pa bajeti ya munthu.

Taganizaninso za maina. Malo awiri otchuka kwambiri oonerako patali ndi Queen's View ndi Emperor's View. Oyambawo anatchulidwa chifukwa mayi wa Mfumukazi Elizabeth anaimapo mu 1957. Achiwiriwo n'chifukwa cha Haile Selassie wa ku Ethiopia amene anafikapo mu 1965, ndipo mpaka lero abale athu achi Rasta amawalemekeza malowo. Sindikuti mainawa achotsedwe, ndi mbiri yathu nawonso. Koma alendo awiriwa anaimapo kanthawi kochepa, n'kukwera galimoto. Amayi amene anayenda phirili zaka makumimakumi, madengu pamutu, alibe olo kachikwangwani kofotokoza kuti anali ndani, ankachokera midzi iti, ankapumira pa mwala uti. Dzina la njira yawo likutchula mbatata, osenzawo ayi.

Ndipo chigwa chathu pachokha chili ndi zoonetsa. Mishoni ya Domasi inayamba mu 1884, pamene Alexander Hetherwick wa mpingo wa Church of Scotland anabwera kudzakhala pakati pa Ayao a kwa Malemia, n'kuphunzira Chiyao mpaka kuchilembera buku. Mu 1929 kunatsegulidwa sukulu ya Jeanes, kumene ankaphunzitsa aphunzitsi a m'midzi pamodzi ndi akazi awo, ndipo pambuyo pake mafumu nawo ankabwera kudzachita maphunziro. Lero ku Domasi kuli Malawi Institute of Education, kumene amakonza silabasi. Inu amene mukuwerenga pa foni panopa, mabuku a ku pulayimale amene munakulira aja anadutsa kwathu. Kuli koleji ya aphunzitsi, kuli malo ofufuzira za ulimi wa nsomba, tsidya linalo ku Malosa kuli mishoni ya Anglican ndi chipatala cha St Luke's. Koma izi eni ake ndi enanso: sinodi ya Blantyre, dayosizi, unduna wa zamaphunziro. Palibe amene ntchito yake ndi kulumikiza mishoni ya m'chigwa, njira ya mbatata ndi nyumba zakale za m'tauni kuti zikhale ulendo umodzi, woti mlendo ayambire kwathu, adye nsima kwathu, agone kwathu, mawa lake akwere phiri monga ankakwerera anganga. Ndalama ya alendo imakwera chakumaso n'kutsikira chakumaso komweko.

Mwina wina anena kuti, aise, nanga inu akumudzi simuli m'makomiti? Zoona, tilimo. Lamulo la zankhalango la 1997 linatsegula khomo loti boma ndi midzi aziyang'anira limodzi nkhalango zotetezedwa, ndipo la maboma aang'ono la 1998 linabwera ndi mawu aja oti mphamvu ku anthu. Nkhalango ya Zomba ndi Malosa inagawidwa m'zigawo, midzi yoyandikana nayo inasankha makomiti, anthu anayamba kulambula njira zotchinga moto, kufesa mbande m'manazale, kutola nkhuni ndi chilolezo m'malo mothamangitsana ndi alonda. Mayi anga aang'ono anali m'komiti ina, ndipo ndinaona ndi maso anga mmene munthu amasinthira akauzidwa kuti mbali iyi ya phiri ndi yanu, muisamale. Amene kale ankati "n'zaboma izi" anayamba kukalipira mnzake wodula mtengo wauwisi.

Koma mgwirizano umenewu ndi wa mitengo. Ndi wa pakati pa mudzi ndi ofesi imodzi mwa maofesi ambirimbiri aja. Amayi olambula njira yotchinga moto akuteteza mitengo, inde, komanso akuteteza madzi amene wina adzagulitse pa mita, ndi maonekedwe amene wina adzagulitse pa chipinda chogona. Pa matebulo okambirana za madzi ndi za alendo mpando wawo suoneka. Ndiye thandizo la mabungwe akunja likatha, misonkhano imayamba kuchepa, wotsala ndi thukuta lopanda malipiro. Munthu amatopa.

Ndisabisenso mbali yathu. Owotcha makala m'phirimu sachokera kumwamba. Ndi abale athu, ena tinaphunzira nawo kalasi imodzi. Amene mumakumana nawo m'mamawa akutsetsereka ndi njinga zolemedwa ndi nkhuni ndi matumba, mabuleki ake nsapato, ndi ana a m'midzi yomweyi. Ndipo makalawo amakapsa m'mbaula za m'tauni, mwina m'nyumba za anthu omwe aja okonza wekishopu, poti magetsi ndi okwera mtengo ndipo amathimathima. Mnyamata wopanda ntchito ukamuuza kuti mtengo woimirira uli ndi phindu kuposa thumba la makala, amakufunsa funso limodzi: phindulo limafika m'thumba la ndani? Tsiku limene tidzakhale ndi yankho looneka ndi maso, nkhwangwa zambiri zidzapuma zokha.

Vutoli si la Zomba yokha. Ku Dedza kuli Chongoni, malo a zojambula za pa miyala okwana 127, amene UNESCO inawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zojambulazo zili pansi pa a zakale, nkhalango imene yazizungulira ili pansi pa a zankhalango, koma tanthauzo lake lili ndi Achewa a m'midzi yozungulira, eni chinamwali ndi gule. Mukachotsapo mmodzi mwa atatuwa, malowo aonongeka kapena asanduka miyala wamba. Ku Mulanje, bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust lakhala likugwira ntchito ndi a zankhalango ndi midzi kwa zaka zoposa 20, ndipo mu 2025 phirilo nalo linalowa m'kaundula wa UNESCO, osati chifukwa cha kutalika kwa Sapitwa kokha, koma chifukwa cha chikhulupiriro ndi miyambo ya Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe olizungulira. Sindikuti ku Mulanje zonse zili bwino. Mkungudza wa kumeneko, mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha odula mozemba. Koma phunziro lilipo: dziko lapansi likamayeza malo ngati amenewa, limafunsa kuti anthu ake ali pati, ndipo amene amasonkhanitsa eni onse ndani.

Ndiye ine monga mwana wa m'chigwa zimene ndikupempha si zazikulu. Sindikupempha unduna watsopano, tili nawo okwanira. Ndikupempha kuti eni onse aja akhale ndi bwalo limodzi lokhazikika la phiri la Zomba ndi Malosa, lokumana nthawi yodziwika, chaka chili ndi pulojekiti kapena chilibe. Pa bwalolo pakhale mipando ya mafumu ndi makomiti a mbali zonse za phiri, kuphatikizapo ya kumsana kuno, ndi ya operekeza alendo, ndipo akhale ndi mawu pa zosankha, osangoitanidwa kudzaomba m'manja nduna ikamabzala mtengo umodzi mu Disembala.

Pakhale nambala imodzi ya foni, yolembedwa pa chipata ndi pa bolodi la sukulu iliyonse ya m'mphepete mwa phiri, yoti moto ukabuka uimbe ndipo woyankhayo asakuuze kuti si dera lake. Akakangane okhaokha mawa za mwini dera, moto utazima. Ndondomeko yodula paini izidziwika chaka chisanayambe, kuti wa madzi, wa hotelo ndi woperekeza alendo anenepo maganizo awo macheka asanalire. Ndalama zimene phirili limabweretsa, za matabwa, za pa chipata, za madzi, za alendo, zilembedwe poyera kamodzi pa chaka, tione kuti zalowa zingati ndipo zabwerera m'phiri zingati. Kagawo kena kapite kwa olambula njira zotchinga moto, ngati malipiro a ntchito, poti ndi ntchito ndithu. Ndipo njira ya mbatata ipatsidwe mwini woilambula, woika zikwangwani m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chingerezi, zofotokoza za anthu amene anaiponda mpaka kukhala njira.

Mwina mukuti zonsezi n'za akuluakulu a m'maofesi, ife achinyamata tilowapo bwanji. Tili ndi mafoni, si choncho? Foni yomwe mukuwerengera iyi imajambula mawu. Ngati kwanu kuli agogo amene anaona Napolo wa 1946, kapena anaphunzira ku Jeanes, kapena anasenzapo dengu kudutsa phiri, khalani nawo pakhonde Lamulungu likubwerali, muwafunse, mujambule. Anganga anga anatisiya ndisanachite zimenezi mokwanira ndi anzawo onse a m'njiramo, ndipo lero otsala ndi owerengeka. Ntchito imeneyi siifuna chiphaso cha ofesi iliyonse.

Mukakwera phiri, tengani woperekeza, mumulipire bwinobwino osamunenerera ngati mukugula tomato. Mufunseni kwawo. Mufunseni dzina la malowo m'chilankhulo cha amayi ake. Mabotolo anu mutsike nawo. Mukalipira pa chipata funsani lisiti. Ndipo khansala kapena phungu akabwera kudzapempha voti, pakati pa mafunso a feteleza ndi mijigo muikepo limodzi la phiri: moto ukabuka usiku uno, tiimbire ndani?

Tonse tinaona zimene namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023, pamene phiri la Soche linatsikira pa nyumba za anthu ku Chilobwe, ndipo midzi ina ku Mulanje ndi Phalombe inakwiririka ndi miyala. Amene tili m'munsi mwa mapiri sitinagone masiku amenewo, timangomvetsera kulira kwa mtsinje mumdima. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Maofesi angathe kudikira chaka cha boma chatsopano kuti akumane, koma mvula ya Disembala siidikira. Ndiye kalata yopita ku khonsolo, yopempha bwalo limodzi ndi nambala imodzi, achinyamata a m'mudzi mwathu tayamba kuilemba, ndipo amfumu avomera kudindapo. Ngati kwanu ndi ku Songani, ku Malosa, ku Chinamwali kapena kulikonse kumene mumamwa madzi a phirili, lembaninso yanu. Zikafika zambiri pa tebulo limodzi, mwina wina adzafunsa mnzake wa ofesi yoyandikana nayo kuti, kodi iyi tiyankhe ndani.